HANS KREBS, WOPHUNZIRA AMENE SADAIWALE APHUNZITSI AKE

Ambiri mwa ife amene tidapita patali ndi phunziro la Biology tikukumbukira chithunzi china chozungulira ngati mkombero wa lichero, chodzaza ndi mivi ndiponso mayina ovuta kutchula. Aphunzitsi ankachijambula pa bolodi ndi kulemba pamwamba pake kuti Krebs cycle. Tinkachiloweza usiku mayeso akayandikira, ndipo tikangotuluka m'chipinda cholembera, chonse chinkauluka m'mutu. Koma ndi angati mwa ife amene tidafunsapo kuti Krebs ameneyu adali yani?

M'nkhani ino tiona mbiri ya a Hans Adolf Krebs, dokotala wa ku Germany amene adachotsedwa ntchito m'dziko la kwawo chifukwa cha mtundu wawo, nakakhala ku England zaka 48 akufufuza m'mene thupi limasandutsira chakudya kukhala mphamvu. Atakula, iwo adalemba kuti mwayi waukulu pa moyo wawo udali wopeza mphunzitsi wabwino pa nthawi yoyenera. Mfundo imeneyi ndiyo tiitsate, pakuti ikutikhudza tonse amene tidakhalapo pa desiki.

M'manja mwa a Warburg

A Krebs adabadwa pa 25 Ogasiti 1900 mu mzinda wa Hildesheim. Bambo awo adali dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi, ndipo mwanayo adakula ndi maganizo otsata mapazi a bambo ake. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha m'chaka cha 1918, iwo adayamba maphunziro a udokotala ku Göttingen, napitiriza ku Freiburg ndi ku Berlin, ndipo digiri yawo adalandira ku Hamburg m'chaka cha 1925. Ku Freiburg adamverako maphunziro a pulofesa wina dzina lake Franz Knoop, amene ankafotokoza za m'mene thupi limaphwanyira mafuta. Dzina limeneli tilisunge, tikumana nalonso.

Pa nthawiyo akatswiri ankadziwa kale kuti chakudya chimapsa m'thupi mothandizidwa ndi mpweya wa okosijeni, ndipo chotsala chake ndi madzi ndi mpweya wa carbon dioxide umene timapumira kunja. Chovuta chidali ichi: m'thupi mulibe malawi a moto, ndipo kutentha kwake kumangokhala pa madigiri 37. Tsono chakudyacho chiyenera kuti chimaphwanyidwa pang'onopang'ono, sitepe ndi sitepe. Masitepe ake ndiwo sankadziwika bwino.

M'chaka cha 1926 a Krebs adalembedwa ntchito yothandiza a Otto Warburg pa Kaiser Wilhelm Institute for Biology ku Berlin. A Warburg adali katswiri wa kapumidwe ka maselo, munthu wolimba mtima ndi wovuta kumusangalatsa. Iwo sankakhala mu ofesi n'kumalamula. Ankagwira ntchito ndi manja awo mu labotale kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo ankafuna kuti aliyense achite chimodzimodzi. Kwa iwo a Krebs adaphunzira maluso awiri. Loyamba lidali lodula chiwalo cha nyama, monga chiwindi, m'tizidutswa topyapyala kwambiri kuti maselo ake akhalebe amoyo m'kabotolo kwa maola angapo. Lachiwiri lidali logwiritsa ntchito chida chotchedwa manometer, chimene chimayeza kuchuluka kwa mpweya umene tizidutswato tikumwa kapena kutulutsa.

Pa zaka zinayi zimene adakhala kumeneko, a Krebs adasindikiza mapepala 16 a kafukufuku. Koma labotale ya a Warburg idalibe malo a nzeru za munthu wina. A Warburg adawauza kuti akafune ntchito kwina, ndipo m'chaka cha 1930 a Krebs adabwerera ku ntchito ya m'chipatala, poyamba ku Altona, kenaka ku Freiburg m'chaka cha 1931. Adachoka opanda udindo waukulu uliwonse, koma luso lija adapita nalo.

Chinsinsi cha m'chiwindi

Alimi tonse timamudziwa feteleza wa Urea. Chimene ena sitidziwa n'chakuti thupi lathu limapanga urea yemweyo tsiku ndi tsiku, magalamu 20 mpaka 30 mwa munthu wamkulu, ndipo amatuluka ndi mkodzo. Tikadya nyemba, usipa kapena nyama, mapuloteni ake akaphwanyidwa amasiya amoniya, amene ndi poizoni ku ubongo. Chiwindi chimasandutsa amoniyayo kukhala urea, amene alibe vuto m'magazi. Zoti ntchitoyi imachitika m'chiwindi zinkadziwika, koma njira yake ayi.

Ku Freiburg a Krebs ankaona odwala, ndipo nthawi yotsala ankaithera mu labotale pamodzi ndi wophunzira wawo Kurt Henseleit. Awiriwa adayamba ndi kukonza madzi a mchere ofanana ndi madzi a m'magazi, kuti tizidutswa ta chiwindi cha khoswe tizigwira ntchito ngati tili m'thupi. Madzi amenewa akugwiritsidwabe ntchito m'malabotale ndipo amadziwika ndi mayina a anthu awiriwa. Atatero adayamba kuthiramo amoniya pamodzi ndi ma amino acid osiyanasiyana, amene ndi tizidutswa topanga mapuloteni, kuyesa limodzilimodzi.

Ambiri mwa iwo sadasinthe kanthu kwenikweni. Koma atathira wina wotchedwa ornithine, urea adachuluka modabwitsa. Chodabwitsa china chidali chakuti ornithine wochepa ankachititsa kuti papangidwe urea wochuluka kuposa iye mwini maulendo oposa 20, koma iye osatha. A Krebs adasinkhasinkha kwa milungu ingapo. Zinkadziwika kale kuti m'chiwindi muli enzaimu imene imang'amba arginine kukhala urea ndi ornithine. Tsono iwo adaganiza kuti mwina ornithine amabwereranso kukakhala arginine. Pakati pa awiriwa pankasowa chinthu chimodzi, ndipo adachipeza mwa citrulline, amene katswiri wina wa ku Japan adali atangomupeza m'madzi a chivwende m'chaka cha 1930.

Kuti timvetse, tiganize za ngolo imene imatuta chimanga kumunda. Ngoloyo imanyamula katundu, imakatsitsa pa nkhokwe, ndipo imabwerera yopanda kanthu kukanyamulanso. Ornithine ndiye ngoloyo. Amanyamula amoniya ndi carbon dioxide nasanduka citrulline, amanyamulanso nayitrojeni wina nasanduka arginine, kenaka amatsitsa urea nabwerera kukhala ornithine. Pepala lofotokoza zimenezi lidatuluka m'chaka cha 1932. Aka kadali koyamba kuti munthu aonetse kuti ntchito ina ya m'thupi imayenda mozungulira chonchi, pakuti akatswiri ankaganiza za njira zowongoka zokha.

Kuthawa kwawo

Dzina la a Krebs lidayamba kumveka, ndipo akuluakulu a pa yunivesite ya Freiburg adawayamikira kwambiri kumapeto kwa 1932. Koma pa 30 Januwale 1933 Adolf Hitler adatenga boma, ndipo mu Epulo mudatuluka lamulo lochotsa Ayuda pa ntchito za boma. A Krebs adali ochokera m'banja la Chiyuda. Yunivesite yomwe idawatamanda miyezi inayi yapitayo idawalembera kalata yowaimitsa ntchito.

Apa padatulukira mphunzitsi wachiwiri. A Frederick Gowland Hopkins a ku Cambridge, amene adalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 1929 chifukwa cha ntchito yawo pa mavitamini, adali atawerenga pepala la urea lija nachita nalo chidwi. Atamva za mavutowo adawaitana, ndipo a Krebs adafika ku England mu Juni 1933 atanyamula zida zawo zoyezera mpweya. Bungwe la Rockefeller Foundation ndilo lidapereka ndalama zoyambira. Ku Cambridge adapeza khalidwe losiyana ndi la ku Berlin: aang'ono ankatsutsana ndi akuluakulu momasuka, ndipo a Hopkins ankalola aliyense kutsata funso lake. Motero kwa a Warburg adatengako kusamala pa ntchito, ndipo kwa a Hopkins adatengako kulemekeza nzeru za ophunzira. M'chaka cha 1935 adasamukira ku yunivesite ya Sheffield, kumene adapatsidwa malo okulirapo ogwirirapo ntchito.

Nkhunda za ku Sheffield

Funso limene adalimbana nalo ku Sheffield lidali la shuga. Nsima tikadya imasanduka shuga m'mimba, ndipo akatswiri ena monga Gustav Embden ndi Otto Meyerhof adali ataonetsa kale m'mene selo limadulira shugayo pakati. Koma mphamvu zambiri zimatuluka pambuyo pake, pamene zidutswazo zikupsa ndi okosijeni, ndipo gawo limeneli lidali mumdima.

Mutu umodzi susenza denga. A Albert Szent-Györgyi a ku Hungary adali ataona m'chaka cha 1935 kuti maasidi anayi, succinate, fumarate, malate ndi oxaloacetate, amafulumizitsa kapumidwe ka minofu ngakhale atathiridwa ochepa. Kumayambiriro kwa 1937 a Carl Martius ndi a Franz Knoop, pulofesa uja wa ku Freiburg amene tsopano adali ku Tübingen, adaonetsa m'mene citrate, asidi wopezeka m'mandimu, amaphwanyikira sitepe ndi sitepe. Zidutswa za nkhaniyi zidalipo, koma padalibe amene adazilumikiza.

A Krebs ndi wophunzira wawo William Johnson adagwiritsa ntchito minofu ya pachifuwa pa nkhunda, chifukwa minofu youlukira imamwa okosijeni wambiri ndipo imapitiriza kupuma ngakhale itagayidwa. Adapeza kuti citrate wochepa amachulukitsa kwambiri kapumidwe ka minofuyo, monga momwe ornithine adachitira m'chiwindi. Adapezanso kuti oxaloacetate, amene ali kumapeto kwa mzere, akakumana ndi chotsala cha shuga amapanga citrate, amene ali kumayambiriro. Umboni wina udachokera ku mankhwala otchedwa malonate, amene amatseka njira pa succinate monga m'mene munthu amatsekera ngalande ya madzi. Atatseka njirayo nathira oxaloacetate, succinate adaunjikana, kusonyeza kuti oxaloacetate adafika pamenepo podzera mbali ina. Mzere uja udali mkombero.

Masamu ake ndi apafupi. Oxaloacetate ali ndi maatomu 4 a carbon. Amalandira kachidutswa ka maatomu 2 kochokera ku chakudya, nakhala citrate wa maatomu 6. Pozungulira, maatomu 2 amatuluka ngati carbon dioxide, ndipo otsala 4 aja amakhalanso oxaloacetate, wokonzeka kulandira kachidutswa kena. M'njiramo mumachotsedwa haidrojeni, amene amapita kukakumana ndi okosijeni, ndipo apo ndi pamene selo limapeza mphamvu zambiri. Patsogolo pake kudadziwika kuti mafuta ndi mapuloteni nawonso amathera mu mkombero womwewu, ndi kuti umapezeka mwa munthu, nyama, zomera ndi tizilombo tambiri tosaoneka ndi maso.

Kukanidwa ndi kutsutsidwa

Mu Juni 1937 a Krebs adatumiza kalata yofotokoza zimenezi ku magazini ya sayansi yotchuka yotchedwa Nature. Patangopita masiku ochepa kalatayo idabwezedwa, mkonzi atanena kuti ali kale ndi makalata okwanira milungu 7 kapena 8. A Krebs sadadikire. Adalemba nkhani yonse mwatsatanetsatane naitumiza ku magazini ya ku Holland yotchedwa Enzymologia, imene idaisindikiza chaka chomwecho.

Mayeso aakulu adadza m'chaka cha 1941. Akatswiri a ku America adagwiritsa ntchito maatomu a carbon okhala ndi chizindikiro, kuti aone kumene akuthera mu mkomberowo. Zotsatira zake zidaoneka ngati zikusonyeza kuti citrate sali pa njira yeniyeni, chifukwa mbali zake ziwiri n'zofanana, koma chizindikirocho chinkapezeka mbali imodzi yokha. A Krebs sadachite makani. Adavomera umboniwo nasintha chithunzi chawo, ndipo n'chifukwa chake mabuku ena amautchula mkomberowu kuti tricarboxylic acid cycle. Padapita zaka 7. M'chaka cha 1948 a Alexander Ogston a ku Oxford adalemba kalata yaifupi yoonetsa kuti enzaimu ikagwira citrate pa malo atatu imatha kusiyanitsa mbali ziwirizo. Motero citrate adabwerera pa malo ake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Enanso adatseka mipata yotsala. A Fritz Lipmann, amene nawonso adachoka ku Germany nakakhala ku America, adapeza coenzyme A m'chaka cha 1945, ndipo a Feodor Lynen a ku Munich adaonetsa m'chaka cha 1951 kuti iyeyu ndiye amanyamula kachidutswa ka maatomu 2 kaja. A Eugene Kennedy ndi a Albert Lehninger adaonetsa kuti ntchito yonseyi imachitikira m'tizigawo ta selo totchedwa mitochondria. M'chaka cha 1953 a Krebs ndi a Lipmann adagawana mphotho ya Nobel.

Phindu lake kwa odwala ndi alimi

Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri, a Krebs, amene adakhala nzika ya Britain m'chaka cha 1939, adatsogolera kafukufuku wa kadyedwe pa Sorby Research Institute ku Sheffield. Anthu amene adakana kugwira mfuti chifukwa cha chikumbumtima chawo adadzipereka kukhala miyezi yambiri akudya chakudya chosowa mavitamini ena. Pa kafukufuku wa vitamini C padali anthu 20, ndipo kudapezeka kuti mamiligalamu 10 pa tsiku ndi okwanira kupewa ndi kuchiza matenda otupitsa nkhama otchedwa scurvy.

Mikombero iwiri ija idamasulanso zinthu zambiri za m'chipatala. Munthu amene chiwindi chake chawonongeka amasokonezeka mutu mwa zina chifukwa amoniya akuunjikana m'magazi. Ana ena amabadwa akusowa imodzi mwa maenzaimu opangira urea, ndipo madokotala amadziwa chochita nawo chifukwa njirayo idajambulidwa kale. Mavitamini angapo a gulu la B, monga thiamine ndi niacin, ndi ofunika kuti mkombero wa citrate uyende. Niacin akasowa, munthu amadwala pellagra, matenda osupula khungu amene amakonda anthu odalira chimanga chokha. Kuno ku Malawi matendawa adabuka pakati pa abale athu othawa nkhondo a ku Mozambique m'zaka za 1989 ndi 1990, pamene mtedza udasowa pa chakudya chimene ankalandira. Ku South Africa, Botswana ndi Zimbabwe kuli chomera chotchedwa gifblaar chimene chimapha ng'ombe, ndipo a Rudolph Peters a ku Oxford adaonetsa kuti poizoni wake akalowa m'thupi amasanduka chinthu chotseka mkomberowu pa citrate.

Mzere wa aphunzitsi

M'chaka cha 1954 a Krebs adalowa m'malo mwa a Peters omwewo ngati pulofesa wa Biochemistry ku Oxford, ndipo adasamuka ndi gulu lawo la ku Sheffield. M'chaka cha 1958 adapatsidwa ulemu wotchedwa Sir. Koma kuti tione kukula kwa ntchito yawo, tiyang'ane ophunzira awo.

Mmodzi mwa iwo adali Hans Kornberg, amene adathawa ku Germany m'chaka cha 1939 ali ndi zaka 11. Atamaliza sukulu adalembedwa ntchito yaing'ono yothandiza mu labotale ku Sheffield. A Krebs adaona nzeru za mnyamatayo namulimbikitsa kuti alowe yunivesite. M'chaka cha 1957 awiriwa adafotokoza mkombero wachitatu wotchedwa glyoxylate cycle, umene umapezeka m'mabakiteriya ndi m'zomera. Chaka chomwecho a Kornberg ndi a Harry Beevers adaupeza mu nsatsi zomera kumene, ndipo ndiwo umathandiza mbewu yamafuta kusandutsa mafuta ake kukhala shuga wodyetsa mphukira isanatulutse masamba. M'chaka cha 1975 a Kornberg adakhala pulofesa wa Biochemistry ku Cambridge, pa mpando womwe udali wa a Hopkins, amene adalandira a Krebs pothawa kwawo.

M'chaka cha 1967 a Krebs adalemba nkhani mu Nature, magazini ija idawabwezera kalata, yofunsa kuti kodi katswiri wa sayansi amapangidwa bwanji. Poyankha adalondola mzere wa aphunzitsi awo monga m'mene ife timalondolera mtundu. Iwo adaphunzira kwa a Warburg, amene adalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 1931. A Warburg adaphunzira kwa a Emil Fischer, amene adailandira mu 1902. A Fischer adaphunzira kwa a Adolf von Baeyer, amene adailandira mu 1905. A Baeyer adaphunzira kwa a August Kekulé, a Kekulé kwa a Justus von Liebig, ndipo a Liebig kwa a Joseph Gay-Lussac a ku Paris. Mfundo yawo idali yakuti zolembedwa munthu angathe kuziwerenga yekha m'mabuku, koma pali zina zimene amangotengera pokhala pafupi ndi mphunzitsi: kusankha funso loyenera kulitayira nthawi, kudzidzudzula wekha ena asanakudzudzule, ndi kulimbikira ntchito tsiku ndi tsiku.

Chaka chomwecho adapuma pa udindo wa upulofesa, koma sadasiye labotale. Adasamukira ku chipatala cha Radcliffe Infirmary mu Oxford momwemo, kumene adapitiriza kufufuza m'mene chiwindi chimapangira shuga munthu akakhala ndi njala, ndiponso zimene zimasokonekera mwa odwala matenda a shuga. Imodzi mwa ntchito zawo zomaliza idali buku la mbiri ya a Warburg, limene lidatuluka m'Chijeremani m'chaka cha 1979. M'bukumo sadabise kuuma mtima ndi kudzikuza kwa mphunzitsi wawoyo, koma sadachepetsenso ngongole imene adali nayo kwa iye. A Krebs adamwalira ku Oxford pa 22 Novembala 1981 ali ndi zaka 81.

Anzanga, tikadzaonanso chithunzi chija m'kope la mwana kapena mdzukulu wathu, tidzamuuze kuti pepala la 1937 lili ndi mayina awiri, la mphunzitsi ndi la wophunzira wake William Johnson, amene ambiri adamuiwala. Tidzamuuzenso kuti mphunzitsiyo adali wophunzira wa wina. Aliyense wa ife angathe kutchula mphunzitsi mmodzi, mwina wokoma mtima ngati a Hopkins, mwina wovuta ngati a Warburg, amene adamupatsa chizolowezi chimene akudyera mpaka lero. Ngati adakali moyo, tiwalembere kalata. Ndipo pa ntchito pathu tiyang'ane bwino, mwina pali mnyamata kapena mtsikana wonga Kornberg amene akungodikira munthu womuuza kuti abwerere ku sukulu.